Chitumbuwa cha amphawi chidagonjetsa Paris

Nthawi ikangokwana 7 koloko madzulo, msewu wotchedwa rue du Montparnasse mumzinda wa Paris, likulu la dziko la France, umayamba kununkhira batala wosungunuka pachiwaya. Chigawo chimodzi cha msewuwu n'chachifupi ndithu, choti munthu akhoza kuchidutsa m'mphindi zochepa, koma uku ndi uku kuli timalesitilanti togundizana makoma, ndipo pafupifupi tonse timagulitsa chakudya cha mtundu umodzi.

Pakhomo pa ena mwa malowa pamakhala mzere wa anthu odikira kuti tebulo lipezeke: bambo ndi mayi ndi ana awo, ophunzira a kuyunivesite, agogo ndi zidzukulu, achinyamata omwe angoyamba kumene chibwenzi, komanso alendo ochokera maiko akutali.

Chomwe onsewa akudikirira si nyama yonona kapena nsomba yodula ayi. Ndi chitumbuwa chopyapyala ngati nsalu, chotambalala ngati lichero, chomwe eni ake amachitcha crêpe, kutchula kwake "krepu." Malo ophikira ndi kudyera chakudyachi amatchedwa crêperie.

Zitumbuwazi zili mitundu iwiri. China ndi cha ufa woyera wa tirigu ndipo chimadyedwa ndi zotsekemera. China ndi cha ufa wotuwa wa mbewu yotchedwa sarrasin ndipo chimadyedwa ndi ndiwo zamchere.

Komatu zaka 150 zapitazo, munthu wa ndalama zake mu Paris sakadaima pamzere kudikira chitumbuwa cha ufa wotuwacho. Chidali chakudya cha alimi osauka a m'chigawo cha Bretagne, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, anthu omwe a m'tauni ankawaseka kuti ndi achimidzimidzi. Lero chimadyedwa ndi wina aliyense. Koma nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa: pomwe mbale zikudzaza m'tauni, mbewu yomwe imatulutsa ufawo idatsala pang'ono kutheratu m'minda ya kwawo.

Kuthithikana ndiye kukoma kwake

Crêperie yeniyeni siikhala yaikulu. Ambiri mwa malowa amakhala ndi matebulo ochepa, oyandikana kwambiri moti munthu akafuna kudzuka amayamba wapepesa kwa mnzake wa patebulo lina. Magetsi amakhala osawala kwambiri, mipando ndi yamatabwa, ndipo m'nyengo yozizira magalasi a mawindo amachita nthunzi kaamba ka kutentha kwa ziwaya ndi mpweya wa anthu.

Eni malo ambiri amakongoletsa chipindacho kuti chifanane ndi nyumba ya kumudzi ku Bretagne. Pakhoma amapachika mbale zadothi zojambulidwa maluwa ndi anthu ovala zachikhalidwe. Mbale zotere n'zotchuka mumzinda wa Quimper, komwe ntchito yoziumba idayamba mchaka cha 1690.

Pamakhalanso zithunzi za mabwato a asodzi ndi nsanja zounikira sitima usiku, poti Bretagne ndi dera lolowa m'nyanja yamchere ya Atlantic, lozunguliridwa ndi madzi mbali zitatu. Penapake sipalephera kukhala mbendera ya mizere yakuda ndi yoyera, yomwe m'chinenero cha Chibreton amaitcha Gwenn ha Du, kutanthauza "choyera ndi chakuda."

Ena amafika pokhomerera kukhoma zitseko zosemasema za mabedi akale. Kumidzi ya ku Bretagne anthu ankagona m'mabedi otsekeka ngati kabati pothawa kuzizira, ndipo matabwa omwe kale adali chizindikiro cha nyumba ya mlimi lero ndi chonyaditsa.

Mlendo akalowa, choyamba ndi moni. Ku France kulowa m'sitolo kapena m'malo odyera osanena "Bonjour" masana, kapena "Bonsoir" madzulo, ndi mwano, ndipo wochita zimenezo asadabwe akalandiridwa ndi tsinya. Komanso munthu sangokhala pomwe wafuna. Amaima kaye mpaka woperekera zakudya amuonetse pokhala.

Nthawi nayo ili ndi malamulo ake. Chakudya chamasana chimaperekedwa kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, ndipo chamadzulo chimayamba cha m'ma 7 koloko. Malo ambiri, makamaka a m'matauni ang'onoang'ono, amatseka khitchini pakati pa nthawi ziwirizi, choncho wofika 4 koloko ndi njala yake akhoza kubwerera nayo.

Mmisiri wa pachiwaya

M'ma crêperie ambiri khitchini siibisika. Wophika amaima poonekera, nthawi zina pafupi ndi khomo penipeni, kuti odutsa mumsewu akopeke ndi fungo komanso luso la manja ake.

Zida zake ndi zitatu basi, ndipo zonse zimatchulidwabe m'Chibreton. Choyamba ndi billig, chiwaya chozungulira cha chitsulo cholemera, chafulati, chopanda milomo m'mbali. Kawirikawiri chimakhala masentimita 40 kuchoka mbali ina kufika ina, ndipo chimatenthetsedwa kupyola madigiri 200. Chachiwiri ndi rozell, kamtengo kooneka ngati chilembo cha T kofalitsira phala. Chachitatu ndi spanell, chotembenuzira chachitali chooneka ngati mpeni wosathwa.

Phala la ufa wotuwa ndi losavuta kulitchula: ufa, madzi ndi mchere. Ena amaonjezera dzira, ena amakana kuti kutero n'kuononga mwambo. Chinsinsi chili pa kulimenya ndi dzanja mpaka mulowe mpweya, kenaka n'kulisiya kwa maola angapo, mwinanso usiku wonse, pamalo ozizira. Phala la ufa woyera ndiye limafuna zambiri: mazira, mkaka, shuga ndi batala.

Wophika amapaka mafuta pachiwaya ndi kansalu, n'kutunga chipande chimodzi cha phala, n'kutsanulira. Apa ndiye pali ntchito. M'masekondi ochepa ayenera kulizunguliza ndi rozell mpaka lidzaze chiwaya chonse mofanana. Akachedwa, phala limagwira lisadafalikire ndipo chitumbuwa chimatuluka chokhuthala mbali imodzi. Akakanikiza kwambiri, chimang'ambika.

Kuonerera kumapepuka, koma wophunzira amataya phala lambiri dzanja lisadazolowere, n'chifukwa chake ku Bretagne kuli sukulu zophunzitsa ntchito imeneyi yokha. Ngakhale m'makomo, Afalansa amaseka kuti chitumbuwa choyamba sichituluka bwino, ndiye wophika asataye mtima.

Kale billig inkaikidwa pa chitsulo cha miyendo itatu, pamoto wa nkhuni, ndipo mayi ankaphika atawerama m'utsi. Zinthu zidasintha pomwe Jean-Marie Bosser wa m'mudzi wa Pouldreuzic adayamba kupanga ziwaya zoyendera gasi mchaka cha 1949. Kampani yake imadziwika ndi dzina loti Krampouz, lochokera ku mawu a Chibreton oti krampouezh, omwe ndi dzina la zitumbuwazi. Chiwaya cha gasi, ndipo pambuyo pake cha magetsi, chidathandiza kuti munthu athe kutsegula malo odyera m'kachipinda kakang'ono pakati pa tauni popanda kusonkha moto.

Zamchere poyamba, zotsekemera pomaliza

Mndandanda wa zakudya umagawidwa pawiri. Mbali yoyamba ndi ya zitumbuwa za ufa wotuwa, zomwe ku Paris ndi kum'mawa kwa Bretagne, cha kumzinda wa Rennes, amazitcha galette. Mbali yachiwiri ndi ya ma crêpe otsekemera.

Kumadzulo kwa Bretagne, cha ku Quimper ndi Brest, safuna kumva zimenezo. Kwa iwo zonse ndi crêpe, ndipo amazikonda zopyapyala kwambiri, zouma m'mbali, zomwe amati kraz. Mkangano wa maina ndi makulidwe umenewu ndi wakalekale ndipo palibe mbali yomwe ikuoneka kuti idzagonja.

Galette yotchuka kuposa zonse imatchedwa complète, kutanthauza "yokwanira." Chitumbuwa chikali pachiwaya, wophika amapakapo batala, n'kuswera dzira pakati, n'kuwaza tchizi, n'kuyalapo nyama ya nkhumba yodula mopyapyala. Kenaka amapinda mbali zinayi kuti chikhale cha ngodya zinayi, chikasu cha dzira chikusuzumira pakati ngati diso. Wosakonda dzira losapsetsa amangopempha kuti alitakase.

Zoikamo zina ndi zambiri: bowa, anyezi wokazinga, sipinachi, nsomba yowamba, kapena tchizi cha mkaka wa mbuzi chothira uchi. Olimba mtima amaitanitsa andouille ya ku Guémené, soseji ya matumbo a nkhumba yowamba pautsi, ya fungo lamphamvu lomwe mlendo amayamba walizemba asadalikonde.

Koma odziwa kudya amati wofuna kuyesa luso la wophika aitanitse galette ya batala yekha. Pamenepo palibe chobisira. Ufa ukakhala wachabe, kapena chiwaya chikakhala chosatentha bwino, lilime limadziwa nthawi yomweyo.

Batala wa ku Bretagne ndi wamchere, ndipo izi zili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1300, mafumu a ku France ankadula msonkho wowawa pa mchere, wotchedwa gabelle, moti m'zigawo zambiri mchere udali chinthu chosamala. Bretagne, yomwe imadzipangira mchere m'madambo a m'mbali mwa nyanja monga ku Guérande, siinkalipira msonkhowu, ngakhale italumikizidwa ndi France mchaka cha 1532. Choncho anthu ake adapitiriza kuthira mchere m'batala kuti asaonongeke msanga, ndipo chizolowezicho chilipo mpaka lero.

Chakumwa cha pa crêperie si vinyo ayi, ngakhale France imatchuka ndi vinyo. Ndi cidre, chakumwa chopangidwa ndi madzi a maapozi osasitsa, chothetheka pang'ono. Samwera m'tambula koma m'kambale kadothi kotchedwa bolée. Pali cidre wotsekemera wa mphamvu yochepa, wotchedwa doux, ndi wina wowawirako wa mphamvu yochulukirapo, wotchedwa brut. Pogundanitsa timbaleti eni ake amati "Yec'hed mat," kufunirana thanzi labwino.

Ana ndi onse osamwa mowa amalandira madzi a maapozi osasasa. Palinso lait ribot, mkaka wowawasa womwe kakomedwe kake sikatalikirana ndi chambiko. Kumidzi akuluakulu ankanyenyera galette m'mbale ya mkakawu n'kudya ndi supuni.

Gulu likakhala lalikulu, mbale sizifika zonse nthawi imodzi poti chiwaya chimodzi chimaphika chitumbuwa chimodzi. Amene yake yafika amauzidwa ndi anzake kuti ayambe, chifukwa galette ikazizira imataya ulemu wake.

Zamchere zikatha, woperekera zakudya amabweranso kudzafunsa za zotsekemera. Ana amathamangira chokoleti, nthochi kapena jamu. Akuluakulu ambiri amakonda ya batala ndi shuga basi, kapena yofinyira ndimu. Ina yomwe yatchuka kwambiri ndi ya shuga wopsereza wosakaniza ndi batala wamchere. Kakomedwe kameneka kadafalikira kuchokera m'tauni ya Quiberon, komwe katswiri wopanga chokoleti, Henri Le Roux, adatulutsa maswiti a mtunduwu mchaka cha 1977.

Pomwe ana amatong'ola maso ndi pomwe wina waitanitsa crêpe yoyatsa moto. Woperekera zakudya amathira mowa wamphamvu pachitumbuwa n'kuyatsa, ndipo lawi la buluu limavina pambale kwa kanthawi. Yotchuka pa zoterezi ndi crêpe Suzette, ya batala, shuga ndi malalanje. Wophika wina, Henri Charpentier, ankanena kuti ndiye adaitulukira mwangozi ali mnyamata cha m'ma 1895 ku Café de Paris mu Monte-Carlo, akutumikira mwana wa mfumukazi ya ku Britain yemwe pambuyo pake adakhala Mfumu Edward VII. Ambiri odziwa mbiri ya zakudya amaikayikira nkhaniyi, koma imakomabe kuimva podikira lawi kuti lizime.

Palibe wothamangitsa mnzake

Ku France woperekera zakudya sabweretsa bilu munthu asadaifunse, chifukwa kutero kuli ngati kumuthamangitsa. Banja likamaliza kudya limacheza, kumwa khofi, ndipo likakhutira ndi pomwe limapempha "l'addition." Mtengo wolembedwa pamndandanda umaphatikiza kale msonkho ndi utumiki, choncho kusiya kangachepe patebulo ndi kufuna kwa munthu. Madzi a pampopi, omwe amabwera m'jagi, salipiritsa.

Kukhala nthawi yaitali patebulo ndi chikhalidwe chomwe Afalansa amachinyadira. Mchaka cha 2010 bungwe la UNESCO lidaika mwambo wawo wa chakudya cha pachikondwerero pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko lonse, mndandanda womwewo womwe nsima ya ku Malawi idalowapo mchaka cha 2017.

Chomwe chimakokera mabanja ku crêperie ndi mtengo. Poyerekeza ndi malesitilanti ena, kuno n'kotsikirako, ndipo malo ambiri amagulitsa galette imodzi, crêpe imodzi ndi chakumwa pamtengo umodzi. Savalira suti, ana saletsedwa, ndipo aliyense amasankha zomwe mtima wake wafuna.

Tsiku limodzi pachaka pafupifupi nyumba iliyonse imasanduka crêperie. Pa 2 February, patatha masiku 40 chichitikire Khirisimasi, Akatolika amakumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'kachisi, ndipo Afalansa amalitcha tsikuli Chandeleur kaamba ka makandulo omwe amadalitsidwa. Madzulo ake mabanja amaphika ma crêpe. Mwambo umati munthu aponye chitumbuwa m'mwamba ndi dzanja limodzi, atafumbata ndalama yachitsulo kudzanja linalo, ndipo chikagwera bwino m'chiwaya ndiye kuti chaka chimenecho m'thumba simuuma.

Mbewu ya nthaka yokanika

Nanga ufa wotuwawu umachokera kuti? Afalansa amaitcha mbewuyi sarrasin kapena blé noir, kutanthauza "tirigu wakuda," koma si tirigu ndipo siili m'gulu la mbewu zonga chimanga, mapira kapena mpunga. Ndi chomera cha masamba otambalala ndi maluwa oyera, chobereka njere zakuda za ngodya zitatu.

Kwawo kwenikweni ndi ku China. Idayenda pang'onopang'ono kulowera kumadzulo mpaka idafika ku Bretagne cha m'zaka za m'ma 1400. Kumeneko idapeza nthaka ya asidi wambiri, yomwe tirigu ankaikana, ndi nyengo ya chinyezi. Zomwe zidali tsoka kwa tirigu zidali mwayi kwa mbewuyi.

Alimi ankaitcha mbewu ya masiku 100 chifukwa imafesedwa cha mu June n'kukololedwa cha mu September. Siifuna manyowa ambiri, imakula msanga n'kuphimba udzu, ndipo maluwa ake amakoka njuchi zomwe zimapanga uchi wakuda wa fungo lamphamvu.

Vuto lake lidali limodzi. Ufa wake ulibe ulimbo uja umachititsa kuti buledi afufume, womwe akatswiri amautcha gluten. Choncho amayi sakadatha kuphika buledi. Ankaphika phala, kapena kufalitsa phalalo pachiwaya chotentha. Galette idabadwa chomwecho: idali buledi wa munthu yemwe alibe tirigu.

Lachisanu, tsiku lomwe Akatolika ankasala nyama, ndilo lidali tsiku lake lenileni. Mayi ankaima pamoto kwa maola, akuphikira banja lonse ndi antchito a kumunda. Zoikamo zonona zomwe zadzaza pamndandanda lerozi kudalibe. Kabatala pang'ono, mwina dzira limodzi, n'kutsitsira mkaka wowawasa. Zitumbuwa za ufa woyera zidali za masiku a chikondwerero chifukwa tirigu adali wodula.

Ulendo wa pasitima

Chomwe chidatengera chakudyachi ku Paris ndi umphawi womwewo. Njanji yochokera ku Paris idafika ku Rennes mchaka cha 1857 ndi ku Brest mchaka cha 1865. Mabanja a ku Bretagne adali aakulu, minda yochepa, ntchito kulibe. Achinyamata zikwizikwi adakwera sitima kukasaka moyo kulikulu, ndipo sitimayo inkawatsitsira pasiteshoni ya Montparnasse.

Ambiri ankatsika ndi kamtolo m'manja, osadziwa bwino Chifalansa poti kwawo ankalankhula Chibreton. Anyamata ankalowa ntchito zolemetsa m'mafakitale, panjanji ndi pokumba ngalande. Atsikana ankalembedwa ntchito za m'nyumba za anthu olemera, ndipo ena ankagwa m'manja mwa anthu achinyengo omwe ankawadikirira pasiteshoni pomwepo ndi malonjezo abodza.

A m'tauni ankawanyoza. Mchaka cha 1905 nyuzipepala ina ya ana, La Semaine de Suzette, idayamba kutulutsa zithunzi zoseketsa za mtsikana wantchito wochokera ku Bretagne, dzina lake Bécassine, wamtima wabwino koma wopusa. Ana a mu Paris ankamukonda, koma anthu ambiri a ku Bretagne ankaona kuti akutukwanidwa. Kwawo nako zinthu sizidali bwino: m'sukulu zambiri mwana wogwidwa akulankhula Chibreton ankamukoleka chinthu m'khosi, nthawi zina nsapato yamtengo, kuti achite manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti yemwe adatsogolera ntchito yomanga njanji za pansi panthaka mu Paris, zomwe zidayamba kuyenda mchaka cha 1900, adali mwana wa ku Bretagne komweko, injiniya Fulgence Bienvenüe. Lero siteshoni ya pansi ya m'deralo imatchedwa Montparnasse-Bienvenüe.

Poti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, obwerawa sadapite patali ndi siteshoni yomwe inkawalumikiza ndi kwawo. Adachita lendi m'misewu yozungulira, n'kutsegula timahotela, malo omwera ndi malo odyera komwe munthu ankatha kulankhula chinenero chake, kumva za kumudzi, kufunsa za ntchito ndi kudya chakudya cha amayi ake. Ndicho chifukwa chake ma crêperie adaunjikana ku Montparnasse.

Kenaka mphepo idatembenuka. Mchaka cha 1936 boma la France lidakhazikitsa lamulo lopatsa ogwira ntchito tchuthi cholipidwa cha masabata awiri, ndipo m'zaka zotsatira, makamaka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mabanja a m'tauni adayamba kukapuma m'mbali mwa nyanja ku Bretagne. Kumeneko adalawa galette, ndipo atabwerera adayamba kuifunafuna.

M'zaka za m'ma 1970 achinyamata a ku Bretagne adayamba kunyadira poyera zomwe makolo awo ankachita nazo manyazi. Woimba Alan Stivell adadzaza holo yotchuka ya Olympia mu Paris mchaka cha 1972 ndi nyimbo za kwawo, ndipo mchaka cha 1977 kudatsegulidwa sukulu yoyamba ya Diwan yophunzitsa ana m'Chibreton. Chakudya nacho chidakwera limodzi ndi chinenero ndi nyimbo.

Lero ku Rennes munthu sangapite kumsika wa Loweruka wa Marché des Lices, kapena kukaonerera timu ya Stade Rennais, osaona anthu atagwira soseji yootcha yokulunga m'galette. Ndipo chakudyachi chidaoloka nyanja. Mchaka cha 1996 Bertrand Larcher, mwana wa ku Bretagne, adatsegula crêperie mumzinda wa Tokyo ku Japan, dziko lomwe anthu ake amadziwa kale ufa wa mbewu yomweyi kudzera m'chakudya chawo chotchedwa soba. Pambuyo pake adatsegula malo ena ku France pansi pa dzina loti Breizh Café.

Mbale zikudzaza, minda idatsala yokha

Pomwe galette inkalandira ulemu m'tauni, kumunda kunkachitika zosiyana. M'zaka za m'ma 1800 dziko la France linkalima mahekitala pafupifupi 700,000 a sarrasin, ndipo Bretagne ndiyo idali patsogolo. Koma feteleza ndi laimu zitafika, nthaka yomwe inkakana tirigu idayamba kumulola. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 alimi adatembenukira ku ulimi wamakono wa nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe zamkaka, ndipo minda idadzaza chimanga chodyetsa ziweto. Lero nkhumba zoposa theka la nkhumba zonse za m'dziko la France zimawetedwa ku Bretagne.

Mlimi sadalakwe masamu. Sarrasin imabereka zochepa pahekitala poyerekeza ndi tirigu kapena chimanga, ndipo zokolola zake sizidalirika. Imaopa chisanu, imaopa kutentha kwambiri nthawi ya maluwa, ndipo njere zake sizikhwima nthawi imodzi, moti pokolola zina zimakhala zitayoyoka pomwe zina zikadali zaziwisi. Pofika m'zaka za m'ma 1980 mbewuyi idali itatsala pang'ono kuzimirira m'chigawocho.

Eni zigayo adayamba kuitanitsa njere kuchokera ku China ndi maiko ena monga Poland. Mpaka lero gawo lalikulu la sarrasin yomwe imadyedwa ku Bretagne limachokera kunja kwa chigawocho. Ndiye kuti mlendo akhoza kukhala pansi pa mbendera ya Gwenn ha Du, pakati pa mbale za ku Quimper, akudya galette ya njere zomwe zayenda ulendo wautali kuposa iye mwini.

Ena sadafune kungoonerera. Mchaka cha 1987 alimi, osunga mbewu ndi eni zigayo adakhazikitsa bungwe lotchedwa Blé Noir Tradition Bretagne ndi cholinga chobwezeretsa mbewuyi m'minda. Ntchito yawo idabala zipatso mchaka cha 2010 pomwe bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union lidavomereza chizindikiro chotetezera ufa wa sarrasin wa ku Bretagne. Kuti thumba likhale ndi chizindikirochi, mbewuyo iyenera kulimidwa, kukololedwa ndi kugayidwa m'chigawo momwemo.

Zinthu zingapo zikuwathandiza. Anthu omwe matupi awo sagwirizana ndi gluten amafunafuna ufawu. Alimi omwe akufuna kuchepetsa feteleza ndi mankhwala apeza kuti mbewuyi imalowa bwino m'kasinthasintha wa mbewu. Oweta njuchi nawo amasangalala minda ikachita maluwa.

Koma ufa wa kwawo ndi wodula kuposa wochokera kunja, ndipo mwini crêperie, yemwe malonda ake adatchuka kaamba kotsika mtengo, amayenera kusankha: kukweza mtengo wa mbale kapena kugula ufa wotchipa. Amene asankha wa kwawo sabisa. Amalemba pamndandanda wa zakudya komwe ufa wachokera, ena mpaka kutchula dzina la chigayo, ndipo makasitomala ena adayamba kuwerenga mzere umenewo asadayang'ane mtengo.

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anthu a ku Bretagne adatenga zaka zambiri kuti asiye kuchita manyazi ndi chakudya cha amayi awo, ndipo adapambana moti dziko lonse likuchiimira pamzere. Nkhondo yomwe yatsala ili kumunda, ndipo woithetsa ndi banja lomwe lakhala patebulo: ngati lingalole kuonjezera kangachepe pabilu, mlimi wa ku Bretagne adzakhala ndi chifukwa chofesanso mbewu ya masiku 100 mwezi wa June ukafika.